Musanakhudze Rauta, Yang'anani Wotchi

Ambiri mwa inu ndinu amene foni yanu imayamba kulira netiweki ikangotsimphina, choncho nkhani ya leroyi si yachilendo kwa inu. Ndikufuna tikambirane za vuto limene limatopetsa kuposa nthambo yoduka. Nthambo ikaduka aliyense amadziwa chochita. Koma amakhalapo masiku amene timagetsi tonse pa switch tikuyaka bwinobwino, ping ikuyankha, koma marauta awiri oyandikana akungotayana n'kupezananso, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Log ikulemba kuti neba wa OSPF wachoka pa FULL wagwera pa DOWN, kapena kuti neba wa EIGRP wapita chifukwa cha "holding time expired". Posakhalitsa ikulembanso kuti wabwerera. Nthawi iliyonse zikatere marauta a m'deralo amawerengeranso njira zawo, mawu pa mafoni a VoIP amaduka, makina a pa kauntala amangozungulira osamaliza, ndipo anthu amangokuuzani kuti intaneti ikudukaduka.

Zikatero dzanja limathamangira pa rauta. Timatsegula configuration, timasintha ichi ndi icho, timaizimitsa n'kuiyatsanso. Ine ndikukupemphani kuti dzanjalo muyambe mwalibweza. Kawirikawiri OSPF kapena EIGRP imakhala isanalakwe kalikonse. Yangonena zimene yaona, kuti mapaketi amene imadikira sanafike pa nthawi yake. Amene wawataya ali pakati, ndipo pakatipo pamakhala switch, kapena wailesi, kapena mzere wobwereka ku kampani ina. Chida choyamba chomupezera ndi wotchi.

Ma protocol onsewa amayendera nthawi zoikika, ndipo anthu ambiri sazisintha. OSPF, imene John Moy anailemba mu RFC 2328 m'chaka cha 1998, pa Ethernet imatumiza paketi ya Hello masekondi 10 alionse, ndipo ikatha masekondi 40 osamva neba imamufufuta. EIGRP ya Cisco, imene inadzafalitsidwa poyera mu RFC 7868 mu 2016, imatumiza Hello masekondi 5 alionse n'kudikira masekondi 15. HSRP imatumiza pa 3, imadikira 10. VRRP imalankhula sekondi iliyonse, ndipo pakadutsa masekondi 3 ndi pang'ono rauta yachiwiri imatenga udindo. PIM imadikira masekondi 105, pamene BGP pa zida za Cisco imadikira 180. Manambala amenewa asungeni pamtima, chifukwa amakuuzani kutalika kwa nthawi imene njira inatsekeka.

Tiyerekeze kuti pa VLAN imodzi pali HSRP, EIGRP ndi OSPF. HSRP yokha ikasinthana udindo, EIGRP osagwedezeka, ndiye kuti njira inatsekeka kwa masekondi pafupifupi 10, osafika 15. HSRP ndi EIGRP zikagwa koma OSPF n'kupulumuka, mpatawo unali pakati pa 15 ndi 40. Ndiye dzifunseni kuti pa switch n'chiyani chimene chimatseka port kwa nthawi yotalika choncho. Yankho lodziwika ndi Spanning Tree yakale ija, 802.1D, imene imatha masekondi 15 ikumvetsera ndi 15 ena ikuphunzira isanalole mapaketi kudutsa. Ikayamba yadikira max age ya masekondi 20, zonse pamodzi zimakwana 50, ndipo pamenepo OSPF nayonso imagwa. Munthu amene wazindikira zimenezi saonanso chifukwa chosinthira kalikonse mu OSPF. Amapita kukafufuza chimene chikuchititsa Spanning Tree kuwerengeranso, komanso chifukwa chake akugwiritsabe ntchito yakaleyo pamene Rapid Spanning Tree, 802.1w, yakhalapo kuyambira 2001.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati mawotchi a zida zanu akugwirizana. Maswitch ambiri akale a Cisco alibe batire la wotchi, ndipo magetsi akazima n'kubwerera amayamba kulemba tsiku la 1 March 1993. Kuno kwathu, kumene jenereta imalowa ndi kutuluka kangapo pa sabata, log yotere siingakuthandizeni kulumikiza zimene zinachitika pa switch ndi zimene zinachitika pa rauta. Ikani NTP pa chida chilichonse, lamulani kuti log izilemba mpaka ma millisecond, ndipo zonse zizipita ku seva imodzi ya syslog. Ntchito imeneyi ndi ya theka la tsiku, ndipo ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa kugula switch yatsopano.

Mukaona nthawi, werengani chifukwa chimene rauta yalemba, mawu onse mpaka kumapeto kwa mzere. Pa OSPF, "Interface down or detached" ikutanthauza kuti link yeniyeniyo inagwa, choncho pitani ku nthambo, ku SFP ndi ku magetsi. "Dead timer expired" ikutanthauza kuti link inali moyo koma ma Hello sanafike. "Too many retransmissions" ndi nkhani inanso: ma Hello akufika, koma mapaketi ena otsatira sakufika kapena sakuyankhidwa. EIGRP nayo ili ndi mawu ake. "Holding time expired" ndi ma Hello osowa. "Retry limit exceeded" ndi paketi imene yatumizidwa maulendo 16 popanda yankho. Mukaona "Goodbye received", dziwani kuti rauta yanu sinataye neba, neba ndi amene wakusiyani, ndipo chifukwa chake chalembedwa mu log yake osati yanu. N'chifukwa chake mbali zonse ziwiri ziyenera kuwerengedwa pamodzi.

Kusiyana kumeneku kumachokera pa mfundo imene ambiri timaidziwa koma timaiiwala foni ikamalira. Marauta salankhulana m'njira imodzi yokha. Hello ya OSPF imapita ku adiresi ya gulu, 224.0.0.5, ndipo uthenga wopita kwa DR ndi BDR umapita ku 224.0.0.6. Hello ya EIGRP imapita ku 224.0.0.10. Imeneyi ndi multicast. Koma kuvomereza kuti paketi yafika pa EIGRP kumayenda pa unicast, chimodzimodzinso mapaketi a Database Description a OSPF pa netiweki ya broadcast. Switch imazisamalira mosiyana ziwirizi, ndipo imodzi ikhoza kufa inzake ikuyenda. Ping imene mumatumiza ku adiresi ya neba ndi unicast, komanso ndi yaing'ono. Ikayankha, yangotsimikizira kuti unicast yaing'ono ikudutsa, basi. Pa rauta ya Cisco mungathe kutumiza ping ku 224.0.0.5 kapena 224.0.0.10 kudzera pa interface imene ikuvutayo. Neba akayankha ping wamba koma osayankha imeneyi, mwadziwa kale kumene muyang'ane.

OSPF imakuthandizani apa, chifukwa mu Hello yake rauta imalemba mayina a aneba onse amene yawamva. Ngati ine ndikukumvani koma inu simukundimva, dzina langa silioneka mu Hello yanu, ndipo ine ndimaima pa INIT. INIT yosasuntha ndi chizindikiro chakuti mapaketi akuyenda mbali imodzi yokha. EIGRP ilibe mndandanda umenewo mu Hello. Rauta ikangomva Hello imalengeza neba watsopano, imamutumizira Update pa unicast, n'kudikira yankho limene silibwera. Mukayang'ana show ip eigrp neighbors mupeza SRTT ili pa 0, RTO ili pa 5000, ndipo Q Cnt siitsika kufika pa 0. Pakapita masekondi pafupifupi 80 neba amagwa ndi "retry limit exceeded", Hello yotsatira imamudzutsanso, ndipo zimabwerezabwereza choncho mpaka wina atazindikira. Ponena za 2-WAY pa OSPF, musadandaule nayo ngati marauta awiriwo onse si DR kapena BDR. Ndi mmene inapangidwira.

OSPF ikaima pa EXSTART kapena EXCHANGE, yambani mwaganizira MTU. Mu paketi ya Database Description rauta imalemba MTU ya interface yake, ndipo neba akaona nambala yoposa imene iye angalandire amaikana paketiyo. Mbali ina ikakhala pa 9000 ina pa 1500, sapitirira pamenepo. Pali lamulo lakuti ip ospf mtu-ignore limene anthu amalikonda chifukwa neba amadzuka nthawi yomweyo. Ine sindilikonda. Limangouza rauta kuti isayang'ane nambalayo, koma silikulitsa njira. Choopsa kwambiri ndi pamene marauta onse awiri akugwirizana pa 1500, koma switch kapena mzere wobwereka pakati pawo sungathe kudutsitsa paketi yaikulu choncho. Tag iliyonse ya VLAN imadya ma byte 4, ndipo kampani yobwereketsa mzere ikaika tag yakeyake pamwamba pa yanu, ena 4 apita. GRE imadya 24, n'kutsala 1476. PPPoE imadya 8, n'kutsala 1492. Netiweki ikadali yaing'ono, mapaketi onse a OSPF amakhala aang'ono ndipo zinthu zimayenda kwa miyezi. Tsiku limene mwawonjezera nthambi zina, Link State Update imakula, imakanika kudutsa, ndipo aneba amayamba kugwa pa mzere umene palibe anaukhudza. BGP nayo imachita chimodzimodzi: keepalive ndi ma byte 19 okha, choncho session imadzuka, koma Update yaikulu imatsakamira mu TCP, ma keepalive amaima pambuyo pake, ndipo mphindi 3 zilizonse session imagwa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Pa Cisco tumizani ping ya size 1500 ndi df-bit. Pa Linux gwiritsani ntchito ping -M do -s 1472, chifukwa ma byte 28 amapita ku mitu ya IP ndi ICMP. Ikakana, tsitsani pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene ikudutsira, ndipo nambala yosowayo ikuuzani chimene chili pakati.

Tsopano tifike pa switch yeniyeniyo, chifukwa apa m'pamene ndimaona akatswiri abwino akusokonezeka. Switch imaphunzira adiresi ya MAC poyang'ana amene watumiza frame. Adiresi ya multicast siikhala ya wotumiza, choncho switch siingaiphunzire, ndipo ikasiyidwa yokha imangomwaza multicast ku maport onse a VLAN. Pa ma Hello zimenezi n'zabwino. Koma pa kanema wa makamera a CCTV, kapena TV yodzera pa netiweki ya hotela, zikutanthauza kuti pulinta ndi foni iliyonse ikulandira ma megabit amene sinapemphe. Pofuna kuthetsa zimenezi panabwera IGMP snooping. IGMP, imene Steve Deering anailongosola mu RFC 1112 mu 1989, ndi njira imene kompyuta imauzira rauta kuti ikufuna kulowa gulu lakutilakuti. Switch imamvetsera nawo zokambiranazo n'kulemba kuti gulu ili lizipita ku port 7 ndi port 12 basi. Malangizo a mmene switch iyenera kuchitira zimenezi ali mu RFC 4541 ya 2006.

Chimene chimaiwalika n'chakuti kompyuta imadzilengeza pamene ikulowa m'gulu, kenako imakhala chete mpaka itafunsidwa. Wofunsayo amatchedwa querier. Zili ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi: ana ali m'kalasimo ndithu, koma akapanda kuitanidwa palibe amene ayankhe, ndipo wolemba amawaika onse kuti sanabwere. Querier amafunsa masekondi 125 alionse ndipo amapereka masekondi 10 oti ayankhidwe. Switch imalekerera mafunso awiri osayankhidwa, choncho 125 kawiri kuphatikiza 10 ndi masekondi 260, kapena kuti mphindi 4 ndi masekondi 20. Ngati snooping yayatsidwa, monga mmene imakhalira pa maswitch ambiri kuchokera kufakitale, koma pa VLAN palibe rauta ya multicast kapena querier wina aliyense, pakatha masekondi 260 port imafufutidwa m'gulu. Chotsatira chimadalira mtundu wa switch. Ina imabwerera kumwaza paliponse, ina imangotaya. Munthu akakuuzani kuti kanema wa makamera amaoneka kwa mphindi zinayi kenako n'kuzima, ndipo akatseka pulogalamu n'kuitsegulanso amabwerera kwa mphindi zina zinayi, musakwere padenga kukayang'ana kamera. Funsani kuti querier ndi ndani. Maseva a cluster amene amamvana pa multicast amagawanika pa chifukwa chomwechi.

Ambiri amathetsa vutoli pozimitsa snooping. Zimagwira ntchito, koma mwabwezeretsa kumwaza kumene snooping inabwera kudzaletsa. Njira yabwino ndi kuika querier mmodzi wodziwika pa VLAN iliyonse imene ili ndi multicast, kaya poyatsa PIM pa interface ya rauta kapena poyatsa snooping querier pa switch yaikulu. Kumbukirani kuti pa IGMPv2 ndi IGMPv3 amene ali ndi adiresi ya IP yotsikitsitsa ndi amene amapambana chisankho. Kachida kena kakang'ono kamene munthu wabweretsa kuchokera kunyumba kakhoza kulanda udindowo, kenako n'kuzimitsidwa Lachisanu madzulo. Onaninso kuti switch iliyonse ikudziwa port imene ikuloza kwa querier, chifukwa popanda imeneyo wotumiza ndi wolandira akakhala pa maswitch osiyana, multicast siiwoloka.

Wina angafunse kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi aneba a OSPF. Mwalamulo siziyenera kukhudzana. RFC 4541 imanena momveka kuti mapaketi opita ku 224.0.0.x, amene sali a IGMP, ayenera kutumizidwa ku maport onse, chifukwa zida zambiri sizilengeza kuti zalowa m'magulu amenewa. Switch yolongosoka siidula Hello chifukwa cha snooping. Koma pali mpata umodzi umene unatsala kuyambira 1989, ndipo ndikufuna muumvetse bwino.

Adiresi ya multicast ya IPv4 ili ndi ma bit 28 osiyanitsira magulu. Ikamaikidwa mu frame ya Ethernet, adiresi ya MAC imayamba ndi 01:00:5e, ndipo malo otsala a gulu ndi ma bit 23 okha. Ma bit 5 amatayika. Zotsatira zake n'zakuti maadiresi a IP 32 osiyana amagwera pa MAC imodzi. 224.0.0.5 ya OSPF imakhala 01:00:5e:00:00:05. Koma 225.0.0.5, 239.0.0.5 ndi 239.128.0.5 nazonso zimakhala 01:00:5e:00:00:05 yomweyo. Ndiye taganizirani munthu woika makamera amene wauzidwa kuti asankhe adiresi yoyamba ndi 239. Iye amayamba ndi 239.0.0.1 ya kamera yoyamba, n'kumawerenga. Kamera yachiwiri yagwera pa MAC ya HSRP, 224.0.0.2. Yachisanu ndi yachisanu n'chimodzi zagwera pa OSPF. Yakhumi yagwera pa EIGRP, ya 13 pa PIM, ya 18 pa VRRP. Pa switch imene imalemba magulu potengera MAC osati IP, chimodzi mwa zinthu ziwiri chimachitika. Ikhoza kulemba kuti MAC imeneyi izipita kwa oonera kamera okha, ndipo ma Hello amasiya kufika kwa marauta nthawi iliyonse mlonda akatsegula kamerayo pa sikirini. Kapena ikhoza kukana kuisefa, n'kumwaza kanema yense ku maport onse, kuphatikizapo a marauta amene amamvetsera MAC imeneyo. Zonse ziwiri zimagwetsa aneba, ndipo palibe mzere uliwonse mu configuration ya OSPF umene ungakuonetseni zimenezi. Woika makamerayo sanachite dala. Palibe anamupatsa ndondomeko ya maadiresi, ndipo kuipereka ndi ntchito yathu. Gawo la 239.0.0.0/8 linapatulidwa mu RFC 2365 kuti mabungwe azigwiritsa ntchito mkati mwawo, ndipo 239.192.0.0/14 ndi malo abwino oyambira. Pewani adiresi iliyonse ya mtundu wa x.0.0.y ndi x.128.0.y.

Pa IPv6 nkhaniyi ndi yolemererapo. Kumeneko kulibe ARP. Chida chikafuna MAC ya chinzake chimatumiza Neighbor Solicitation ku adiresi ya multicast yoyamba ndi ff02::1:ff. Ndipo pa MLD snooping, adiresi yokhayo imene RFC 4541 imati izimwazidwa nthawi zonse ndi ff02::1. Magulu ena onse, kuphatikizapo ff02::5 ya OSPFv3 ndi ff02::a ya EIGRP, akhoza kusefedwa. Choncho MLD snooping yopanda querier ikhoza kudula osati ma Hello okha, koma ngakhale unicast, chifukwa zida zimalephera kupezana. IPv4 ikamayenda bwino pa VLAN yomweyo pamene IPv6 ikufa pakapita mphindi zochepa, yambirani pamenepo.

Palinso zinthu zimene timaika tokha pofuna kudziteteza. Storm control ya multicast pa maswitch a Catalyst, malire akadutsidwa, imatseka multicast yonse pa port imeneyo. Imasiya ma BPDU ndi CDP, koma mabuku a Cisco eniake amachenjeza kuti siisiyanitsa uthenga wa OSPF ndi multicast wamba. Labu ya makompyuta ya pa sukulu ikayamba kukopera disk imodzi ku makompyuta 40 pa multicast, malire amadutsidwa, ndipo ma Hello amatsekedwa limodzi ndi zina zonse. Storm control ili ndi malo ake pa maport a anthu. Pa port yopita ku rauta kapena pa uplink, ganizirani kawiri musanaiike.

Nthawi zina Hello imafika ndithu pa port, koma n'kufera mkati mwa chida. Mapaketi a anthu amadutsa pa hardware, koma Hello imayenera kukwera kupita ku CPU, ndipo njira yokwererayo ndi yopapatiza. Pa IOS mzere wodikirira wa interface umalandira mapaketi 75 ngati simunausinthe. Kanema wa multicast wotumizidwa ndi TTL ya 1, kapena wofika pa interface imene yalephera RPF check, pa zida zambiri amakankhidwira ku CPU. Mzere ukadzaza, kapena CoPP ikayamba kutaya, Hello imatayika pamodzi ndi zinyalalazo. Chizindikiro chake n'chakuti aneba ambiri a rauta imodzi, pa ma interface osiyanasiyana, amagwa nthawi imodzi. Yang'anani show processes cpu history, input queue drops ndi ziwerengero za CoPP, n'kuziyerekeza ndi nthawi ya mu log.

Ndibwerere pang'ono ku Spanning Tree, chifukwa imakhudzanso multicast m'njira imene ambiri sailingalira. Port ya kompyuta wamba imene siinaikidwe PortFast, kapena kuti edge port, imalengeza kusintha kwa topology nthawi iliyonse kompyutayo ikayatsidwa. Pa 802.1D maswitch amafupikitsa nthawi yosungira ma MAC kuchoka pa masekondi 300 kufika pa 15, ndipo pa Rapid Spanning Tree amawafufuta nthawi yomweyo. Maswitch a Catalyst amayambanso kumwaza multicast yonse kwa kanthawi, mpaka mafunso awiri a IGMP atadutsa. Ngati muli ndi makamera ambiri, kanthawi kameneko n'kokwanira kudzaza link yaing'ono yopita ku nthambi. Aneba akamagwa kwambiri cha m'ma 7:30 ndi 8 koloko m'mawa, pamene anthu akuyatsa makompyuta, lamulo la show spanning-tree detail likuuzani kuti kusintha komaliza kunachokera pa port iti. Tsatirani port imeneyo kuchoka pa switch ina kupita pa ina mpaka mufike pa gwero.

Ambiri a inu muli ndi nthambi zolumikizidwa ndi mawailesi a MikroTik kapena Ubiquiti pa nsanja ndi pa mapiri. Pa 802.11, frame ya unicast imavomerezedwa ndi wolandira, ndipo ikatayika imatumizidwanso. Frame ya multicast kuchokera pa access point imatumizidwa kamodzi, pa liwiro lotsika, popanda kuvomereza kulikonse. Mphepo ikasuntha dishi pang'ono, kapena wailesi ina ikabwera pa channel yomweyo, ping imadutsabe chifukwa cha kubwereza, koma ma Hello anayi otsatizana akhoza kutayika. Opanga mawailesiwa ali ndi njira zosandutsira multicast kukhala unicast mumlengalenga: multicast helper pa MikroTik, multicast enhancement pa Ubiquiti. Njira ina ndi kuika OSPF pa non-broadcast n'kulemba adiresi ya neba pamanja, kuti ma Hello aziyenda pa unicast. Koma konzaninso dishiyo.

Za nthambo sindichedwapo, mumazidziwa: CRC errors zimene zikukwera, late collisions zosonyeza duplex yosagwirizana, mphamvu ya kuwala pa SFP imene yatsika chifukwa cha fumbi pa connector, faiba imene ikudutsa mbali imodzi yokha, imene UDLD inapangidwira. Chimodzi chokha nditchule. Pa port-channel, switch imasankha nthambo ya paketi iliyonse potengera maadiresi ake. Hello yopita ku 224.0.0.5 ikhoza kudutsa pa nthambo yodwala pamene ping yanu ikudutsa pa yabwino. Werengani ziwerengero za nthambo iliyonse payokha, ndipo ngati n'kotheka zimitsani imodzi imodzi muone.

Mukafika pokayikira, lekani kulingalira, jambulani mapaketi. Ikani SPAN pa port ya rauta yoyamba ndi pa port ya yachiwiri nthawi imodzi, tsegulani Wireshark mbali zonse, sefani ndi ospf, eigrp kapena igmp, ndipo dikirani kuti neba agwe. Mayankho ndi atatu basi. Ngati Hello sinatuluke n'komwe, vuto lili pa wotumiza. Ngati inatuluka koma sinafike mbali inayo, lili pakati, ndipo muzisuntha chojambulira switch ndi switch. Ngati inafika pa port koma rauta ikuti sinamve, lili pa CPU, pa access list, kapena pa kusagwirizana kwa area, subnet mask, authentication kapena nthawi za Hello. Samalani ndi debug pa rauta imene CPU yake yatopa kale, chifukwa mukhoza kuimalizitsa.

Yesero lalikulu limabwera usiku, abwana akuimba foni. Mukakweza dead interval kufika pa masekondi 120, log imakhala chete ndipo aliyense amapita kukagona. Koma mapaketi akutayikabe, a anthu akutayikanso pa njira yomweyo, ndipo tsiku limene mzerewo udzafe zenizeni netiweki idzatha mphindi ziwiri ikutumiza zinthu kumene kulibe wolandira. Kutsitsa Hello kufika pa sekondi imodzi pa link yodwala kumangochulukitsa kugwako. Ngati mukufuna kuzindikira msanga kuti njira yafa, BFD ya mu RFC 5880 ya 2010 inapangidwira zimenezo, koma muiike link itachira. Ndipo pamene mungathe, chotsani marauta anu pa VLAN ya anthu. Alumikizeni pa link yawoyawo ya point-to-point, yopanda makamera ndi mapulinta, ndipo ikani passive-interface default kuti Hello izituluka pokhapo pamene mwafuna. Amene muli ndi rauta pa Malawi Internet Exchange ku Blantyre, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 2008, mfundo imeneyi ikukukhudzani mwachindunji. Pa switch yogawana ndi makampani ena payenera kudutsa BGP, osati ma Hello a OSPF a mkati mwa netiweki yanu.

Mukabwerera kuntchito Lolemba, lowani pa switch yanu yaikulu mulembe show ip igmp snooping querier. Pa VLAN iliyonse onani adiresi imene yatuluka, ndipo fufuzani kuti ndi chida chiti, chili m'chipinda chiti, ndipo chili pa UPS kapena ayi. Kenako lembani show ip igmp snooping groups, muone ngati pali gulu la 239.0.0 kapena 239.128.0. Amene muli ndi mafunso, makamaka a pa mawailesi ndi IPv6, tiyeni tiyambe ndi inu.